Tsiku limene amayi aang'ono anayesedwa mwana wachisamba

M'nyumba ya siwa

Agogo anga aakazi anatisiya mu June chaka chatha, kukuzizira, anthu atangomaliza kukolola. Pa maliro awo panachitika kanthu kakang'ono kamene ena onse anakaiwala tsiku lomwelo, koma ine kakundisowetsabe mtendere. Amayi anga ndi mng'ono wawo, amene ife timawatchula kuti amayi aang'ono, anakhala moyandikana pa mphasa m'nyumba ya siwa. Kunalowa mayi wina wa mpingo wochokera mudzi wakutali, amene sankalidziwa bwino banja lathu. Atauzidwa kuti awa ndiwo ana a malemu, anagwada pamaso pa amayi aang'ono, n'kuwagwira dzanja, n'kunena kuti: "Pepani mayi. Inu monga mwana wachisamba ndinu mwatsala kholo tsopano, muziwalimbitsa mtima ang'ono anuwa." Ponena mawu omalizawo ankaloza amayi anga.

Amayi anga ndiwo achisamba, ndipo anabadwa zaka 7 mng'ono wawoyo asanabadwe. Palibe amene anamuwongolera mlendoyo, chifukwa pa siwa si pokonzerana zinthu zotere, komanso aliyense amene akanawayang'ana awiriwa tsiku limenelo akanalakwitsa chimodzimodzi. Amayi aang'ono ali ndi imvi mutu wonse, masaya awo analowa, ndipo akamadzuka pa mphasa amayamba atsamira khoma.

Anthu atabalalika, patapita masiku atatu, tinatsala awiri pa khonde madzulo. Iwo ndiwo anayambitsa nkhaniyo. Anati: "Mwanangu, iwe umaphunzitsa ana za thupi la munthu. Tandiuza. Mankhwalawa amati ndi otalikitsa moyo, ndipo anandidzutsadi ndili pafupi ndi manda. Nanga n'chifukwa chiyani ndikukalamba kuposa mkulu wanga?" Amayi aang'ono anayamba kumwa ma ARV mu 2005. Za kachilombo sabisa, amalankhula poyera ku gulu lawo, ndipo andilola kulemba nkhaniyi bola ndisatchule dzina lawo kapena mudzi.

Ndinawayankha kuti mwina ndi ntchito ya kumunda, dzuwa ndi mavuto amene anadutsamo. Anandiyang'ana kwa kanthawi n'kufunsa modekha kuti: "Kodi amayi akowo salima?" Ndinakhala chete. Ndaphunzitsa za kugawikana kwa maselo, tizidutswa tating'onoting'ono timene timapanga thupi, kwa zaka zambiri, ndajambula pa bolodi selo limodzi likusanduka awiri, awiri akusanduka anayi, koma sindinafunsepo ana anga a sukulu, ngakhale kudzifunsa ndekha, ngati kugawikana kumeneku kuli ndi polekezera. Nditabwerera ku ntchito ndinayamba kuwerenga, ndipo miyezi ingapo ndinalibe nkhani ina m'mutu.

Maselo amene amawerenga

Kwa zaka pafupifupi 50, asayansi ankakhulupirira kuti selo palokha silikalamba. Chikhulupiriro chimenechi chinachokera kwa Alexis Carrel, dokotala wotchuka wa ku France amene ankagwira ntchito ku New York. Mu 1912 anaika tinyama ta mtima wa kamwanapiye m'botolo, ndipo kunalengezedwa kuti maselo ake anapitiriza kuchulukana kwa zaka zoposa 30, kuposa moyo wa nkhuku iliyonse. Anthu ena akalephera kusunga maselo nthawi yaitali choncho, ankadziimba mlandu okha kuti alibe luso.

Mu 1961, Leonard Hayflick ndi mnzake Paul Moorhead, a ku Wistar Institute mumzinda wa Philadelphia, anasonyeza kuti zimenezi sizinali zoona. Maselo abwinobwino a munthu ankagawikana maulendo pafupifupi 50, kenako n'kuleka, ngakhale apatsidwe chakudya chabwino chotani. Chimene chinandigwira mtima ndi momwe anatsimikizira nkhaniyi. Anasakaniza m'botolo limodzi maselo aamuna amene anali atagawikana kale maulendo 40 ndi maselo aakazi amene anali atagawikana maulendo 10 okha. Patapita nthawi, m'botolomo munatsala aakazi okhaokha. Botolo linali limodzi, chakudya chimodzi, choncho vuto silinali la kasamalidwe, linali m'kati mwa maselo enieniwo. Hayflick anaonanso kuti akawaumitsa maselo mufiriji yozizira kwambiri n'kudzawasungunula patapita nthawi yaitali, ankapitiriza kuwerenga kuchokera pomwe analekezera. Selo limene linaumitsidwa litagawikana maulendo 30 linkangotsala ndi maulendo 20 kapena kuposerapo pang'ono.

Nditawerenga zimenezi ndinaganiza za alongo awiri aja pa mphasa. Ife timawerenga zaka pa kalendala, pamene selo limawerenga ntchito imene lagwira. Anthu awiri akhoza kubadwa m'nyumba imodzi, koma maselo a wina n'kukakamizika kugawikana kawirikawiri kuposa a mnzake.

Mpendero wa DNA

Funso lotsatira linali loti selo limawerengera pati. Wasayansi wa ku Russia, Alexey Olovnikov, anapereka ganizo mu 1971 kuti nthawi iliyonse selo likamakopera DNA yake (ulusi wa m'kati mwake wosunga malangizo a thupi) lisanagawikane, limalephera kukopera kansonga ka kumapeto kwenikweni, moti ulusi wa DNA umafupika pang'ono pa ulendo uliwonse. Kumapeto kumeneku kuli kachigawo kotchedwa telomere, kamene ine ndimakafanizira ndi mpendero wa chitenje. Mpendero sukhala ndi maluwa a nsaluyo, ntchito yake ndi kuteteza kuti ulusi usayambe kusosoka. Mwa munthu, telomere ndi zilembo 6 za DNA, TTAGGG, zobwerezedwa maulendo masauzande. Zikamatha pang'onopang'ono, pamafika poti selo limazindikira kuti kupitiriza kugawikana kuwononga nsalu yeniyeniyo, ndipo limaima.

Pa tsiku la Khirisimasi mu 1984, Carol Greider, amene panthawiyo anali wophunzira mu labotale ya Elizabeth Blackburn ku Berkeley, ku America, anaona chizindikiro choyamba cha puloteni imene imasokereranso mpenderowu, yotchedwa telomerase. Anaipeza m'kanthu kamoyo ka selo limodzi kokhala m'madzi a m'zithaphwi. Awiriwa pamodzi ndi Jack Szostak analandira mphoto ya Nobel mu 2009. Munthu akangomva izi amafulumira kuganiza kuti mankhwala a ukalamba apezeka: ingowonjezerani telomerase basi. Koma maselo ambiri a m'thupi la munthu wamkulu anaizimitsa puloteniyi pa chifukwa chomveka. Makhansa oposa 8 mwa 10 alionse amaiyatsanso, ndipo ndi imene imawapatsa mphamvu yochulukana mosalekeza. Malire amene Hayflick anapeza ndi mpanda umene thupi linamanga kuti selo lowonongeka lisasanduke chotupa.

Apa m'pamene ndinapeza koyamba chinthu chokhudza amayi aang'ono mwachindunji. Mu 1996, Rita Effros ndi anzake a ku yunivesite ya UCLA ku America anayeza asilikali a m'thupi a mtundu wa CD8 mwa anthu amene ali ndi HIV. Anapeza kuti gulu lalikulu la maselowa linali ndi ma telomere aafupi kwambiri, ofanana ndi a nkhalamba zenizeni. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kachilombo kakamachulukana m'magazi chaka ndi chaka popanda mankhwala, asilikaliwa amagawikana usana ndi usiku kuti alimbane nako, mpaka amamaliza maulendo awo nthawi isanakwane.

Maselo oleka kugawikana koma osafa

Ine ndinkayesa kuti selo likafika pa malire ake limafa n'kuchotsedwa. Ambiri safa. Amakhalabe pamalo pawo, amakula n'kuphwatalala, ndipo amayamba kutulutsa timadzi tosiyanasiyana. Asayansi amawatcha senescent cells. Sikufupika kwa telomere kokha kumene kumaliika selo mumkhalidwe umenewu. Kuwonongeka kwa DNA, utsi wa fodya, mankhwala ena amphamvu ndi matenda a nthawi yaitali zimachitanso chimodzimodzi. Judith Campisi, amene anathera moyo wake wonse wa ntchito pa maselo amenewa mpaka anamwalira mu January 2024, anasonyeza ndi gulu lake mu 2008 kuti timadzi timeneti timayambitsa kutukusira, timafooketsa minofu yozungulira, ndipo tikhoza kukankhira maselo oyandikana nawo mu ukalamba womwewo. Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo pano mawuwo akugwira ntchito pafupifupi momwe alili.

Komabe sibwino kuwaona maselowa ngati adani okhaokha. Gulu la Campisi lomwelo linapeza mu 2014 kuti bala limachedwa kupola pa mbewa imene yachotsedwa maselo otere, chifukwa m'masiku oyamba a bala ndi iwo amene amaitana maselo ena kudzatseka pomwe pang'ambika. Pa munthu wachinyamata amagwira ntchito yawo, kenako asilikali a m'thupi amawachotsa. Vuto limayamba pamene chitetezo cha m'thupi chatopa ndipo sichikuwachotsanso mokwanira, moti amaunjikana m'mfundo za mafupa, m'mitsempha ya magazi, m'mafuta ndi m'khungu. Munthu amene chitetezo chake chakhala pa nkhondo zaka zambiri ali pa mpanipani wa mbali ziwiri: maselo okalamba akuchuluka, ndipo owachotsa nawonso akalamba.

Umboni woti maselowa amabweretsadi zizindikiro za ukalamba unachokera ku Mayo Clinic ku America. Mu 2011, Darren Baker, Jan van Deursen ndi anzawo anakonza mbewa za mu labotale m'njira yoti akazipatsa mankhwala ena, maselo okalamba okha ndiwo amafa. Mbewazo zinachedwa kuchita ng'ala m'maso, ndipo minofu yake inakhalabe yolimba. Mu 2016 anabwereza kafukufukuyu pa mbewa zokalamba mwachibadwa, ndipo moyo wake unatalika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, mitima ndi impso zili bwinopo. Kuchokera pamenepo kunayamba mpikisano wofuna mankhwala ochita zomwezo mwa anthu, amene amatchedwa senolytics. Oyamba kudziwika, mu 2015, anali dasatinib, amene ndi mankhwala a khansa ya m'magazi, ophatikizidwa ndi quercetin, chinthu chopezeka mu anyezi ndi maapulo.

Pa anthu nkhani ikuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Kuyesa koyamba, kumene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, kunali pa odwala 14 okha a matenda oumitsa mapapo, ndipo kunalibe gulu lina lofananitsa nalo. Mu 2020, jakisoni wina wa mtundu umenewu amene ankayembekezeka kuthetsa kupweteka kwa mawondo sanachite bwino kuposa jakisoni wopanda mankhwala. Ndikulemba izi dala, chifukwa pa Facebook ndi pa WhatsApp pakuyenda anthu ogulitsa mabotolo a mapiritsi amene akuti amatsuka maselo okalamba, pa mtengo woposa thumba la chimanga. Msuweni wanga wina, pofuna kuthandiza, anafuna kuwagulira amayi aang'ono botolo lotere, ndipo ndinamuletsa. Palibe mankhwala a mtundu umenewu amene avomerezedwa kuti amachiza ukalamba mwa munthu, komanso munthu womwa ma ARV sayenera kuwonjezera mapiritsi achilendo asanafunse ku chipatala.

Wotchi ina, yolembedwa pamwamba pa DNA

Yankho limene linayandikira kwambiri funso la pa khonde lija ndinalipeza kwina. Pafupifupi selo lililonse la m'thupi lili ndi DNA yofanana, koma la khungu limagwira ntchito yosiyana ndi la chiwindi chifukwa pamwamba pa DNA pamamatidwa tizizindikiro tosonyeza mbali zoyenera kuwerengedwa ndi zoyenera kudumphidwa. Zili ngati buku la nyimbo la woyang'anira kwaya, limene mawu ake ndi omwewo a m'mabuku ena onse, koma iye anachongamo ndi pensulo ndime zoyimba ndi zosiya. Munthu akamakula, tizizindikiro timeneti timasintha mwa dongosolo lake. Mu 2013, Steve Horvath wa ku UCLA anasanthula zitsanzo pafupifupi 8,000 za minofu ndi magazi, n'kupeza malo 353 pa DNA amene ukawayang'ana pamodzi umatha kunena zaka za munthu, n'kuphonya ndi zaka zitatu kapena zinayi zokha.

Njira imeneyi ili ngati wotchi, ndipo phindu lake lenileni lili pomwe ikusemphana ndi kalendala. Mu 2015, Horvath ndi Andrew Levine anaigwiritsa ntchito pa anthu amene ali ndi HIV, ndipo anapeza kuti magazi awo ankaoneka okalamba ndi zaka pafupifupi 5 kuposa zaka zawo zobadwa. Gulu lina la ofufuza linapeza chiwerengero chofanana nacho mu 2016. Mu 2018 zinaonekanso mwa achinyamata a ku Cape Town amene anabadwa ndi kachilomboka. Ndinawerenga chiwerengero chimenechi kangapo ndili ndekha m'kalasi ana ataweruka. Amayi aang'ono sankadzinamiza, ndipo mlendo wa pa siwa uja sanali wosaona bwino. Chimene ankachimva m'mawondo ndi kuchiona pa galasi chinali chinthu choti chikhoza kuyezedwa m'magazi.

Mbali imene ndinafunitsitsa kukawauza inali yotsatirayi. Ofufuza a ku Switzerland, amene anasunga magazi a gulu limodzi la anthu okhala ndi HIV kwa zaka pafupifupi 17, kuyambira asanayambe mankhwala mpaka atamwa kwa nthawi yaitali, analengeza mu 2023 kuti wotchiyo inkathamanga m'zaka zimene kachilombo kankachulukana popanda choletsa, ndipo inachepetsa liwiro anthuwo atayamba kumwa ma ARV n'kukagonjetsa. Zaka zimene zinawakalambitsa amayi aang'ono kwambiri zinali zija asanayambe mankhwala, pamene ankangoonda n'kumatsokomola, ife tikuyendayenda nawo. Masiku amenewo mankhwala aulere anali atangoyamba kumene m'Malawi, mu 2004, ndipo munthu ankawalandira atadwala kale kwambiri kapena CD4 yake, chiwerengero cha asilikali a m'thupi, itatsika zedi. Ndondomeko yoti aliyense wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo inabwera mu 2016.

Masaya olowa aja nawonso ali ndi mbiri yake. M'mapiritsi amene anthu ambiri ankamwa m'zaka zoyambazo munali stavudine, mankhwala amene anapulumutsa miyoyo yosawerengeka koma ankawononga mitochondria, timagawo ta m'selo timene timatulutsa mphamvu. Zotsatira zake zinali kusungunuka kwa mafuta a kumaso ndi m'miyendo, ndiponso mapazi ochita dzanzi kapena oyaka ngati moto. Dziko lino linawasiya mankhwalawa cha m'ma 2013, koma mafuta a kumaso akapita sabwerera msanga. Amayi aang'ono anawamwa zaka pafupifupi 8. Kufooka kwa mitochondria ndi chimodzi mwa zizindikiro 9 za ukalamba zimene Carlos López-Otín ndi anzake anandandalika mu 2013, asanaziwonjezere kufika pa 12 mu 2023.

Za kubweza wotchiyi m'mbuyo ndingotchula mwachidule, ngakhale ndi zimene zikumveka kwambiri m'manyuzipepala a kunja. Shinya Yamanaka wa ku Kyoto, ku Japan, anasonyeza mu 2006 kuti mapuloteni anayi okha akhoza kufufuta tizizindikiro tija, selo la khungu n'kubwerera ku ukhanda. Ofufuza a ku Salk Institute ku America mu 2016 anayatsa mapuloteniwa mwa apo ndi apo pa mbewa zodwala matenda okalambitsa msanga, ndipo zinakhala ndi moyo wotalikirapo. A ku yunivesite ya Harvard mu 2020 anagwiritsa ntchito atatu mwa mapuloteniwo kubwezeretsa kuona kwa mbewa. Kufufuta mopitirira muyezo kumabala zotupa. Kampani ina yotchedwa Altos Labs inayamba ntchito imeneyi mu 2022 ndi ndalama zokwana madola 3 biliyoni. Ndimalemekeza kafukufukuyu, koma si amene angamuthandize mayi wa kumudzi amene mawondo ake akupweteka chaka chino.

Kubwerera pa khonde

Ndinapita kumudzi pa tchuthi cha Khirisimasi. Tinakhala pa khonde lomwe lija, mvula ikuwaza, ndipo ndinawafotokozera zonse momwe ndikanathera, kuyambira mpendero wa chitenje mpaka buku la nyimbo. Anamvetsera osandidula mawu. Nditafika pa kafukufuku wa ku Switzerland anandiimitsa n'kufunsa kuti: "Ndiye ukuti si mankhwala ndikumwa panowa amene akundikalambitsa?" Ndinawayankha kuti: "Ayi mayi, amenewa ndiwo anachepetsa liwiro la wotchiyo." Anapuma mozama, kenako anandiuza chinthu chimene sanauzepo munthu aliyense. Chichokereni pa maliro paja, anali atayamba kudumphitsa masiku ena osamwa, poganiza kuti thupi lipumuleko. Ndinazizidwa thupi lonse. Yankho langa lopanda mutu la mu June lija linawasiya okha ndi maganizo amenewo kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Panali chinthu chinanso chimene ndinabwera nacho. Kutukusira kosatha kumene maselo okalamba ndi chitetezo chotopa zimabweretsa kumagwera kwambiri mitsempha ya magazi, ndipo n'chifukwa china chimene anthu okhala ndi HIV amadwalira mtima ndi sitiroko msanga. Kafukufuku wamkulu wotchedwa REPRIEVE, wa anthu 7,769 a zaka za pakati pa 40 ndi 75 m'mayiko 12, anasonyeza mu 2023 kuti piritsi limodzi pa tsiku la pitavastatin, mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi, linachepetsa matenda aakulu a mtima ndi mitsempha ndi 35 peresenti. Amenewa ndi mankhwala a mtundu wodziwika kale, oyesedwa pa anthu enieni, ena mwa iwo a kuno ku Africa. Ndinawafunsa amayi aang'ono kuti anayezetsa liti BP ndi shuga. Anatulutsa kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo tinatsegula masamba mpaka kubwerera zaka zitatu tisanapeze pomwe panalembedwa BP. Masamba ena onse anali a tsiku lolandira mankhwala, sikelo ndi kuchuluka kwa kachilombo m'magazi.

Tsiku lawo lokalandira mankhwala linali Lachiwiri lotsatira, ndipo ndinawaperekeza pa kabaza. Anamuuza okha namwino za masiku amene anadumphitsa aja, ndipo iye sanawakalipire. Anawalembera kuti ayezedwenso magazi. Ndinapempha kuti awayeze BP, ndipo inapezeka yokwera, moti anauzidwa kuti abwerenso kudzayezedwa kachiwiri asanawayambitse mankhwala ake. Za pitavastatin dokotala anati pamalopo palibe, koma analemba dzinalo pa kapepala n'kunena kuti akafunsa kwa akuluakulu ake.

Pobwerera tinatsika kabaza pa mlatho n'kuyenda wapansi, chifukwa njira inali yoterera. Amayi aang'ono anandigwira pa phewa pokwera mtunda, ndipo anati ku gulu lawo kuli anthu oposa 20 amene anayamba mankhwala m'zaka zomwe zija, ambiri a iwo imvi zili mbuu, ndipo ena amalankhula zofanana ndi zimene iwo ankaganiza. Anandipempha kuti ndikadzabwera pa tchuthi cha Pasaka ndidzakafotokoze komweko, ndipo anati ndidzatenge chitenje chakale chosapenderedwa kuti anthu akaone momwe ulusi umasosokera.